Darwendale: Malo Ake ndi Mbiri Yake



Mudzi umenewu uli m'boma la Zvimba, m'chigawo cha Mashonaland West, pa mtunda wa makilomita 60 ndi mphambu zochepa kuzambwe kwa Harare. Uli m'mbali mwa mtsinje wa Gwebi, pa njanji yopita ku Banket ndi Chinhoyi. Pafupi pake padutsa mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke, umene m'kati mwake muli miyala ya chrome ndi platinum. M'chaka cha 1976 anatseka mtsinje wa Hunyani, umene lero ndi Manyame, napanga damu lalikulu lotchedwa Lake Manyame.

Chimene chinakuza Darwendale ndi fodya ndi migodi. Tsono ntchito zimenezi zinafuna manja ambiri, ndipo ambiri mwa manjawo anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Makolo athu anathawa msonkho ndi thangata. Ena anayenda pansi kudzera ku Tete, ena anakwera Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Onse ankati tikupita ku Halale kwa zaka ziwiri zokha. Koma ambiri anakwatira konkuno, nabala ana m'makomboni, nasanduka matchona. Anthu otere ndiwo anawatsata Mbusa T.C.B. Vlok pofika ku Salisbury mu 1912, ndipo mu 1965 mipingo yawo inakhala Sinodi payokha.

Kuyambira m'chaka cha 2000 mapulazi a Azungu anagawidwa. Antchito ambiri anataya ntchito ndi pogona pomwe, pakuti analibe mfumu kapena munda wobwererako. Lamulo la 2001 linachititsa kuti ambiri obadwira muno ayesedwe alendo, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegulanso khomo kwa ana a makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo.

Chotero pempho langa ndi ili. Mabuku a mbiri asunga maina a eni mapulazi, koma a iwo amene anathyola ndi kufuwitsa fodya sanalembedwe. Nkhalamba zodziwa mudzi, mfunda ndi chaka chimene munthu anafika zatsala zochepa. Tikhale nazo pansi, tizifunse, tilembe. Mwana akadzafuna chitupa, kapena akadzafunsa kwawo kwa agogo ake, apeze yankho.