Katundu Woopsa Pamsewu ndi Malamulo Ake

Nkhani yathu ya lero ndi ya galimoto zikuluzikulu zimene zimadutsa m'midzi mwathu usana ndi usiku zitasenza petulo, dizilo, gasi, asidi ndi mankhwala ena oopsa. Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere. Mafuta athu amatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ambiri mwa iwo amafika kuno pamsewu. Choncho malamulo oyendetsera katundu wotere sali nkhani ya madalaivala okha ayi.

Pa 17 Novembala 2016, galimoto ya mafuta yochokera ku Beira kubwera kuno ku Malawi inaphulika pa mudzi wa Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu atayizinga ndi zigubu kuti atunge petulo. Anthu oposa 70 anafa. Choopsa pa petulo ndi mpweya wake, umene ndi wolemera kuposa mphepo imene timapuma. Mpweyawo umakwawa pansi, ndipo ukakumana ndi ndudu kapena kamoto kakang'ono kutali ndithu, motowo umabwerera mwaliwiro mpaka ku thanki.

Kodi malamulo amenewa amachokera kuti? M'chaka cha 1956 bungwe la United Nations linatulutsa buku la malangizo, limene anthu a ntchitoyi amalitcha Orange Book chifukwa cha mtundu wa chikuto chake. Bukuli linagawa katundu woopsa m'magulu 9. Gulu 1 ndi zophulika, gulu 2 ndi gasi, gulu 3 ndi zamadzimadzi zoyaka msanga, gulu 8 ndi zowaula thupi ndi kudya chitsulo monga asidi. Katundu aliyense ali ndi nambala yake: petulo ndi 1203, dizilo ndi 1202, palafini ndi 1223. Mayiko ochuluka, kuphatikizapo South Africa, anamanga malamulo awo pa maziko amenewa.

Nambala zimenezi ndizo mumaziona pa zikwangwani kumbuyo ndi m'mbali mwa thanki. Sizinalembedwere dalaivala, pakuti iye akudziwa kale chimene wanyamula. Zinalembedwera wapolisi ndi wozimitsa moto amene adzafike pa ngozi dalaivalayo atakomoka. Munthu wowerenga 1203 amadziwa kuti sayenera kukhuthulirapo madzi, chifukwa petulo amayandama pamadzi ndipo moto umangofalikira. Tsono chikwangwani chofufutika, kapena chotsalira cha ulendo wina, ndi bodza limene lingaphe munthu wobwera kudzathandiza.

Pano mpamene pagona nkhani yathu. Malamulowa saima malo amodzi. Buku lija limakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse. Chimodzimodzinso pangano la ADR, limene mayiko a ku Ulaya anasaina ku Geneva mu 1957 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1968: limasinthidwa pa 1 Januwale m'chaka chilichonse chachiwiri, monga zinachitikira mu 2023 ndi mu 2025. Chifukwa chake nchosavuta. Katundu watsopano akubadwa. Makolo athu sananyamulepo mabatire a lithium amene lero ali m'mafoni ndi m'magetsi a sola, koma mabatirewa amayaka akaphwanyika, ndipo ali m'gulu 9 ndi nambala 3480. Mu 2025 ADR inawonjezanso nambala 3551 ya mabatire a sodium. Dalaivala amene anaphunzira zaka khumi zapitazo nalekera pomwepo angakhale katswiri pa chiwongolero, koma za katundu wina amene akumukwezera kumbuyo sanazimvepo.

Ichi nchifukwa chake ziphaso za ntchitoyi zimakhala ndi malire. M'mayiko a ADR chiphaso cha dalaivala chimatha pakapita zaka 5, ndipo amayenera kubwerera m'kalasi. Ku South Africa, kumene madalaivala athu ambiri amapita, chilolezo choyendetsa katundu woopsa chimaperekedwa kwa munthu wa zaka 25 kapena kuposerapo, ataphunzira. Kuno kwathu, wonyamula mafuta amayenera kukhala ndi layisensi ya bungwe la MERA. Ulendo umodzi umatha kudutsa mayiko atatu kapena anayi, lililonse ndi zofuna zake, ndipo pachipata si malo oyambira kufunsa.

Ine ndikuona kuti udindo waukulu uli pa eni galimoto, pakuti ndiwo ali ndi ofesi, telefoni ndi intaneti. Si chilungamo kuyembekezera kuti munthu amene wagona masabata awiri pamzere ku Beira adziwe yekha kuti lamulo lasintha. Mwini wake asankhe munthu mmodzi wofunsa ku mabungwe oyang'anira chaka ndi chaka, wolemba tsiku limene chiphaso chilichonse chidzathe, ndi woyendera njira galimoto isananyamuke. Za njira tisazipeputse. Pa 24 Disembala 2022 galimoto ya gasi inakanirira pansi pa mlatho waufupi wa sitima ku Boksburg, ku South Africa, ndipo itaphulika inapha anthu 41, ena mwa iwo ogwira ntchito pa chipatala cha pafupi.

Ndipo inu madalaivala, pali lamulo limodzi limene ambiri amalinyozera pa ulendo wobwerera. Thanki imene mwatsitsa petulo koma simunaitsuke si yopanda kanthu. M'kati mwadzaza mpweya uja, ndipo umaphulika. Zikwangwani zikhalebe pomwepo kufikira thankiyo itatsukidwa, ndipo wowotcherera zitsulo asayandikire ndi moto wake ngakhale chathyoka ndi chitsulo chaching'ono chokha.