Malonda a Nchito za Manja m'Nyengo ya Masika

Nkhani ya lero iri ya amai ndi abambo a ku Riverside, m'mzinda wa Kitwe, amene amadya za manja ao: oluka majuzi ndi zisoti, osoka zobvala ndi okhoma mbaula. Ambiri a iwo analowa nchito imeneyi cifukwa ca mabvuto a ku migodi. M'caka ca 2000 migodi ya ZCCM inagulitsidwa kwa makampani, ndipo mu 2015 mtengo wa mkuwa utagwa, kampani ya Mopani inacotsa anchito zikwi zingapo. Pamenepo mabanja anaona kuti malipiro a ku mgodi sakhala cikhalire, ndipo nyumba yokhala ndi luso la manja siigona ndi njala msanga.

Coyamba cimene wamalonda ayenera kudziwa ndico nyengo. Mvula ikaleka mu Epulo, masika afika. Mu Meyi ana abwerera ku sukulu ndipo afuna majuzi. Mu Juni ndi Julayi cisanu cikula, anthu nafuna zisoti ndi mbaula zoothera moto. M'miyezi yomweyi mucitika cionetsero ca ku Kitwe ndi cija cacikuru ca malonda ca ku Ndola, cimene cimafika kumayambiriro a Julayi. Pofika Ogasiti kuyamba kufunda, ndipo juzi lotsala lidzagona m'bokosi kufikira caka ca mawa. Cotero woluka amene agula ulusi wace mu Juni wacedwa kale. Wanzeru ayamba mvula isanathe.

Caciwiri ndico mtengo. Pa msika wa Chisokone pali milu ya salaula yotsika mtengo, ndipo woluka sangapikisane nayo pa ndarama. Mphamvu yace iri pena: iye ayesa thupi la mwana, asankha mtundu umene sukulu ifuna, ndipo juzi likang'ambika alikonza. Zimenezi salaula sangacite. Koma poika mtengo awerenge zonse. Mwacitsanzo, ngati ulusi wadya K100, ulendo wa basi K20, ndi msonkho wa pa msika K10, wogulitsa juzilo pa K140 wagwira nchito masiku atatu kuti apate K10 yokha. Masiku a manja ace nawonso ali ndi mtengo.

Cacitatu ndico ngongole, imene yagwetsa malonda ambiri m'makomboni. Anthu a pa nchito alandira pakutha pa mwezi, ndipo pakati pa mwezi wogula amati, "Ndipatseni, amai, ndidzalipira tikalandira." Tsiku la malipiro likafika, ndarama zathera ku nyumba ya lendi ndi ku ufa. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Woluka alandire theka la mtengo asanayambe nchito, ndipo otsalira onse awalembe m'buku, ngakhale ali abale ace. Ophunzira a pa Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa ku Riverside mu 1987, agula bwino, koma amapita kwao pa chuthi. Ngongole yao isagone.

Mpamba ukacepa, kaloba si mankhwala, pakuti ciwongoladzanja cace cimadya phindu la nyengo yonse. Cilimba ca anthu odziwana ndi okhulupirika ciposa, makamaka ngati woluka apempha kuti gawo lace lifike mu Malici, nthawi yogula ulusi.

Potsiriza, cisanu cikatha ndarama zigawidwe pawiri. Phindu lidyedwe m'nyumba, koma mpamba usungidwe pa wokha, ku banki kapena pa foni, monga mlimi asunga mbeu m'nkhokwe. Amene adya mpamba wace mu Ogasiti adzapezeka pa khomo la wakaloba masika akudzawo.