KASAMALIDWE KA TSITSI LOPOTANA

Tsitsi la anthu silifanana. M'caka ca 1997 Andre Walker, wokonza tsitsi wa ku America, analigawa m'mitundu inai: loongoka, lamafunde, lopiringizika, ndi lopotana kwambiri. Loongoka limacita mafuta msanga, motero lifuna kutsukidwa kawirikawiri. Mitundu iwiri yapakatiyo ifuna kudzozedwa pang'ono cabe.

Koma Ansenga ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba ali ndi la mtundu wacinai, ndilo losacedwa kuuma, pakuti mafuta ocokera m'khungu la mutu alephera kutsata mapotedwe ace kufikira kunsonga. M'mwezi wa October, pamene dzuwa liwawa m'cigwa ca Luangwa, tsitsi lotere limaduka msanga. Cifukwa cace mai wanzeru sapesa mwana wace tsitsi liri louma. Ayamba walinyowetsa ndi madzi, nalidzoza mafuta a nsatsi monga ankacitira makolo, nalipesa ndi cipeso ca mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu.

Ngozi yaikuru iri pa kuluka. Mwana akalira kuti m'mutu muwawa, woluka amasuleko, cifukwa kukoka kolimba kumazula tsitsi la pamphumi. Ndipo kukapitirira zaka zambiri, mizu imafa, tsitsilo osameranso. Kukongola kwa masabata awiri kusataitse mwana tsitsi la moyo wace wonse.