Makalata a Dokotala Kirk ndi Makope a Chikangawa



Ndilankhula m'Chichewa, Inkosi mundikhululukire, popeza nkhalango ino ya Chikangawa inasonkhanitsa anthu ochokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo ambiri mwa iwo ali pano lero.

Mwandiitana kudzatsegulira chipinda chosungiramo zolembedwa zakale za dera lino. Ndikudziwa kuti ena mumtima akufunsa kuti mapepala akale ndi antchito yanji pamene mapiri angotsala zitsa zokhazokha. Funsolo ndi labwino, ndipo ndiliyankha ndi nkhani ya munthu wina amene dzina lake limayenda ndi chipatso chomwe tonse timadya.

Masuku, amene amayi amagulitsa m'mabeseni m'mphepete mwa msewu wa M1 mvula ikamayandikira, m'mabuku a sayansi amalembedwa kuti Uapaca kirkiana. Kirk ameneyo ndi Dokotala John Kirk wa ku Scotland, wobadwa mu 1832, amene anaphunzira zaudokotala ku Edinburgh. Mu 1858 anabwera ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi, ali ndi ntchito ziwiri: kuchiza anzake ndi kufufuza zomera. Nthambi ya msuku imene anathyola pa phiri la Soche inakafika ku Kew, ku London, ndipo mu 1864 katswiri wina anautcha mtengowo dzina lake. Mapiri a Kirk Range, kumalire a Ntcheu ndi Neno, nawonso ndi dzina la munthu yemweyo.

Kirk ankalemba tsiku ndi tsiku. Analemba pamene anafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, ndi pamene anaona nyanja yathu yaikulu mu Seputembala chaka chomwecho. Mu 1861 ananyamulitsa boti kulambalala mathithi a Shire, nayenda nalo m'mbali mwa nyanja mpaka cha ku Nkhata Bay, m'munsi mwa mapiri ano a Viphya. Masiku amenewo Angoni a Inkosi M'mbelwa woyamba anali atangokhazikika kumene kumpoto kuno.

Tsono mverani chimene chinamuchitikira mu Novembala 1860. Akuchokera ku mathithi a Victoria, bwato lake linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Iye anapulumuka, koma mabuku ake a zomera, zojambula zake ndi zipangizo zake zinapita ndi madzi. Thukuta la miyezi yambirimbiri linathera pomwepo. Nanga zomwe tikudziwa lero za ntchito yakeyo zinapulumuka bwanji? Zambiri zinapulumuka chifukwa Kirk anali ndi chizolowezi chotumiza. Ankalembera makalata Sir William Hooker, mkulu wa minda ya Kew, ndi mwana wake Joseph Hooker, ndipo ankatumiza mitolo ya zomera zouma mpata ukapezeka. Chimene chinali m'bwato mokha chinamira. Chimene chinali m'manja awiri chilipo mpaka lero.

Ena mwa makalata ake, mabuku a tsiku ndi tsiku amene anatsala, ndi zithunzi zimene anajambula ndi kamera, zomwe zili m'gulu la zithunzi zoyambirira za chigwa cha Zambezi, akuzisunga ku National Library of Scotland mumzinda wa Edinburgh. Mu 1965 Reginald Foskett anasindikiza zolemba za ulendowo m'mabuku awiri. Mukawerenga mupeza munthu wosabisa mawu. Pamaso pa anthu sananyozepo Livingstone, koma m'kope lake analemba kuti mtsogoleri wawoyo nthawi zina ankaika miyoyo ya anzake pachiswe chifukwa cha liuma. Zotere simungazipeze m'lipoti lopita kwa bwana. Zimapezeka m'kope lolemba usiku, munthu ali yekha, malungo akumugwedeza.

Kenaka dokotalayu analowa m'zandale za maboma. Mu 1866 anapita ku Zanzibar, kumene anadzakhala kazembe wa Britain, ndipo pa 5 Juni 1873 anakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano lotseka msika wa akapolo. Nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa ambiri ogulitsidwa pamsikapo anali abale athu, owolotsedwa nyanja pa Nkhotakota n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa. Koma ana inu musamuyese mngelo. Panganolo linasainidwa poopseza ndi sitima zankhondo, ndipo Kirk ankagwirira ntchito ufumu umene patapita zaka zochepa unadzatenga dziko lathu. Chinanso chimene chimandiwawa ndi ichi: amene ankamuuza kuti uwu ndi msuku, uwu ndi mankhwala a m'mimba, uwu musadye, anali anthu akuda, ndipo ambiri a iwo mayina awo sanalembedwe paliponse. Kope limasunga zimene mwini wake anaziona kuti n'zofunika, basi.

N'chifukwa chake ndikufuna kuti zolemba za Chikangawa tilembe tokha. Nkhalango ino inabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000. Kubzala kwakukulu kunayamba cha m'ma 1964, boma likufuna mitengo ya fakitale ya mapepala, fakitale imene sinamangidwe. Anthu anakumba maenje m'nkhungu, anathira dothi m'machubu ku nazale zala zitauma ndi chisanu, anagona pa nsanja kulondera moto ku Nthungwa, ku Luwawa, ku Mazamba ndi ku Lusangazi. Akapitawo awo anali ndi timabuku ta m'thumba. M'menemo muli tsiku limene kompatimenti yakutiyakuti inabzalidwa, mtundu wa paini, mbande zimene zinafa ndi chisanu, mbali imene moto unachokera ndi mphepo imene inkaomba tsikulo. Amene akubzalanso mapiri ano lero akufunika zimenezo kuposa ndemanga za ife alendo olemekezeka.

Ndinalowapo mu ofesi ina, osati kuno, ndikufuna kaundula wa mvula. Mlonda ananditsegulira kachipinda kakuseri. Mafailo anali pansi pa simenti, denga likudontha, ndipo nditanyamula buku lapamwamba chikuto chokha ndicho chinabwera m'manja. Mkati monse chiswe chinali chitamanga nyumba, dothi lofiira lili psuu pamene panali manambala a zaka zambiri. Ngakhale boma lenilenilo zinaligwera: mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za kuyambira 1891 zinapsa. Kuno ku Chikangawa moto sitichita kumva kwa anthu.

Choncho a hedi ndi a komiti, pempho langa ndi ili. Chilichonse cholowa m'chipinda chino chikhale ndi chinzake kwina. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, musunge pa kompyuta, ndipo mukambirane ndi a National Archives ku Zomba kapena a yunivesite ya Mzuzu kuti nawonso asunge. Mabuku asakhudze pansi kapena khoma. Wobweretsa kope la malemu bambo ake alembedwe dzina, ndipo akafuna kubwerera nalo kunyumba, mujambule n'kumubwezera.

Ana a kalabu ya zachilengedwe, inu ntchito yanu ndi ya Kirk, koma muichite bwino kumuposa. M'zigwa za Viphya mudakali nkhalango zachilengedwe, ndipo m'madambo muli maluwa a chinaka amene akutha ndi kukumbidwa. Mukathyola kanthambi, kaikeni pakati pa nyuzipepala, mutsindike ndi thabwa ndi mwala, muzisintha pepalalo mpaka kaume. Pakapepala kapambali mulembe malo, tsiku, dzina la Chitumbuka, la Chingoni kapena la Chichewa, ndi ntchito yake. Umu ndi mmene amachitira ku National Herbarium ku Zomba. Ndipo pansi pake mulembe dzina la gogo amene wakuuzani, iwo akalola. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pitani kwa iwo akadali ndi mphamvu zoyankha mafunso.

Inkosi, mwa chilolezo chanu, ndikulengeza kuti chipinda chosungiramo zolembedwa chino chatsegulidwa. Amene mwabwera ndi makope ndi zithunzi, aphunzitsi akukudikirani pa tebulo la pakhomo.