Mau kwa Alimi a Nshawa Ozungulira Chipata

Azibambo ndi azimai, mu 2017 Chipata inachedwa mzinda, ndipo anthu ogula cakudya acuruka ndithu. Azimai a m'makomboni monga Mchini ndi Nabvutika afuna nshawa zanu kuti akazinge nagulitse ku msika wa Kapata. Koma phindu lalikuru lipita kwa ogula oyendayenda, amene afika ndi sikelo yao pa nthawi yokolola, mlimi ali wosowa ndalama. Cifukwa cace panganani ndi azimai a mumsikawo. Sonkhanitsani matumba anu, muwatumize pamodzi ku tauni. Posankha mtsogoleri wa kabungwe kanu musayang'ane cibale kapena kukoma pakamwa. Sankhani wodziwa kulemba ngwee iriyonse m'buku, ndipo bukulo liziwerengedwa pamaso pa onse mwezi ndi mwezi.