Kodi Woponya Voti Ayambe Walemba Mayeso?

(Mawu amene adalankhulidwa pabwalo kwa Chitukula)



Alipo ena, makamaka ophunzira, amene akunena kuti munthu asaponye voti kufikira atayesedwa ngati adziwa za Boma. Ati mbuli zimasankha moipa. Maganizo amenewa si achilendo ayi, pakuti dziko lino lidawayesa kale.

Pa chisankho cha pa 15 August 1961 padali mipukutu iwiri ya maina. Mpukutu wapamwamba udali wa anthu a chuma ndi maphunziro, ambiri a iwo Azungu ndi Amwenye, ndipo udasankha aphungu 8. Wapansi udasankha aphungu 20. Kuti munthu alembedwe m'mpukutu wapansi adafunika kudziwa kulemba ndi kuwerenga, ndiponso kukhala ndi chuma kapena kukhala atakhoma msonkho zaka khumi. Mafumu, achikumbe ndi asilikali akale adali ndi khomo laolao. Tsono taonani: m'dziko la anthu ngati mamiliyoni atatu, olembedwa adangopitirira pang'ono 100,000. Mayi wolima chimanga ndi mtedza ku Kabudula, amene sukulu idamutalikira, adatsala kunja, chonsecho malamulo opangidwa ku Zomba adamukhudza iyenso. Mu 1964 lamulo lidasintha, munthu wamkulu aliyense adaloledwa.

Nanga osaphunzira adalephera kodi? Pa 14 June 1993 anthu adafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndiko kuti chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Nkhalamba zosadziwa ngakhale chilembo chimodzi zidamvetsa bwino lomwe chimene zidali kuchita. Munthu amene adziwa mtengo wa feteleza, ndi kutalika kwa ulendo wa kuchipatala, adziwa zambiri za Boma. Ndiponso mayesowo angawakonze ndani? Wokonza mafunso akhoza kusankhiratu amene adzakhoze. Ku America mayeso otere adatsekereza anthu akuda zaka zambiri, kufikira lamulo la mu 1965.

Lamulo lathu lifuna kuti wofuna uphungu adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, koma kwa inu osankha silifunsa zimenezo. Mukhale ndi zaka 18, ndipo mulembetse dzina. Papepala pamakhala nkhope ya munthu ndi chizindikiro chake. Wosaona aloledwa kubwera ndi womthandiza amene amkhulupirira. Amene ali ndi mafunso atsale msonkhano ukatha, ndidzakhala pansi pa mtengo uwo.