Boma la Miyezi Iŵiri

M'mwezi wa Okutobala 1993, Dr. Kamuzu Banda atapita ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ulamuliro wa Malaŵi unaikidwa m'manja mwa akuluakulu atatu: a Gwanda Chakuamba monga wapampando, a John Tembo ndi a Robson Chirwa.

Mayeso ao sanachedwe. Kumayambiriro kwa Disembala, Apayoniya anapha asilikali aŵiri ku Mzuzu. Pa 3 Disembala mfuti zinalira m'Lilongwe, pamene asilikali analanda zida za Apayoniya ku Youth House, anthu m'miseu akuwaombera m'manja.

Pa 7 Disembala Dr. Banda anabwerera pampando, ndipo bungwe la atatuwo linatha. Koma Apayoniya, amene anthu anawaopa zaka zambiri, sanadzukenso. Chisankho cha 1994 chinachitika mfuti zao zitalandidwa.